Makatoni a Achimwene

Lolemba, 4 Ogasiti

Achimwene aimbira amayi foni. Ntchito yakutali ija yatha, akubwera Loweruka. Zaka ziwiri.
Lamulo lawo linali limodzi: "Katoni ikafika muike m'chipinda changa. Munthu asatsegule." Makatoni asanu anafika. Onse ndinatsegula.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Ndaima pakhomo kuyang'ana chipinda. Poyamba munali kompyuta yakale yokha ndi mahedifoni omata selotepi. Kenako kiyibodi. Kenako sipika ziwiri, kabokosi koimba ng'oma, pomaliza maikolofoni. Mabuku a zipangizozi ndi a Chingelezi, ine ndinkangotsata zithunzi. Mathileyi a mazira pakhoma ndi bulangeti pazenera, zimenezo ndi zanga.
Nyimbo khumi ndi imodzi ndapanga m'menemo. Palibe anazimvapo.
Amayi ndimawauza kuti ndikukasesa. Tsiku lina anati, "Fumbi la m'menemo ndi la maola atatu?" Sanafunsenso.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Kupasula. Chilichonse m'pulasitiki mwake, monga ndinajambulira m'kope tsiku lotsegula. Selotepi yatsopano pamwamba penipeni pa yakale. Mathileyi pansi pa bedi langa. Mabowo a misomali ndatseka ndi sopo.
Nyimbo ndasamutsira pafulashi, ndafufuta pakompyuta. Fulashi m'kampango, kampango m'sutikesi.
Chipinda changoti mbee. Ndalira pang'ono, kenako kukolopa.

Loweruka, 9 Ogasiti

Afika. Anenepa. Anazungulira makatoni, kugwira selotepi, nkuti, "Mlongo wanga ndi wokhulupirika."

Lolemba, 11 Ogasiti

Alumikiza zonse. Sipika zikulira ngati njuchi m'chitini. Dzulo lonse, lero lonse. Akuti wogulitsa anawapusitsa, ndipo zaka ziwiri zapita m'madzi. Mayi woimba wina akubwera Lachitatu kudzajambula. Kasitomala woyamba. Akabwerera, ena sabwera.
Ine ndikudziwa. Vuto ndi soketi ya kukhoma lomwe kuseri kwake kuli firiji. Ndiponso chingwe cha sipika chagona pamodzi ndi cha magetsi. Zinanditengera milungu itatu kuti ndizindikire.
Ndikanena, ndadziulula. Ndikapanda kunena?

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Ndafika pakhomo pawo kawiri. Kawiri konse ndangofunsa ngati akufuna tiyi.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Woimba anabwera m'mawa. Nsapato zazitali, maso pawotchi. Njuchi zija osaleka. Achimwene thukuta kamukamu, kusintha zingwe zomwe asintha kale. Mayiyo anayamba kutola chikwama.
Ndinalowa ndi madzi pathileyi. Ndinaika thileyi pansi. Ndinagwada, kuzimitsa, kusamutsa pulagi kupita soketi ya kuzenera, kulekanitsa zingwe, kuyatsa. Sipika yakumanzere poyamba, monga mwa masiku onse.
Zii.
Woimba anati, "Kodi injiniya ndi uyu?" Anaseka yekha. Achimwene anayang'ana manja anga. Kenako khoma. Anakanda ndi chikhadabo, kununkhiza. Sopo.
Ndinatuluka. Thileyi ndinaiwala.
Ajambula mpaka masana. Ine m'chipinda muno, chitseko chotseka. Woimba wapita. Amayi kukhitchini akuimba chapansipansi, mwina dala.
Achimwene agogoda. Sanakweze mawu. Akuti khoma likubweza mawu, ndibweretse zomwe ndinakhomapo. Kenako, "Ndipo zomwe unkapanga m'menemo. Ndimve."
Sutikesi ndatsegula. Kampango kali pamwendo, mfundo sindinamasule. Akadali pakhomo, ndikuona mapazi awo pansi pa chitseko.