M'filimu muja bambo anga atsala dzanja lokha

Aphungu,

Pepani ngati ndalakwitsa kalembedwe, sukulu ndinalekezera ku pulayimale kwathu ku Turkey tisanabwere kuno ku Jeremani. Kalatayi ndailemba katatu.

Mu 1984 kunabwera anthu mumsewu mwathu kudzajambula filimu yanthabwala zachikondi. Anatenga bambo anga, malemu a Rifat, kuti akhale mlendo wogulitsa zipatso. Amaoneka masekondi 41, ndinawerenga ndi wotchi. Mwamuna wa m'filimuyo amagula mandimu, bambo n'kumuuza kuti akwatire msanga, anthu n'kuseka. Koma mawuwo si awo. Bambo ankayankhula Chijeremani chosalala, anachiphunzira kumgodi wa malasha. Ojambulawo anafufuta mawu awo n'kuikapo a munthu wina wodzichititsa chibwibwi. Titaonera koyamba, bambo anangoti, "Kodi ndani ameneyu wakhala m'kamwa mwangamu?" Chawo chenicheni ndi chifuwa basi. Amatsokomola kamodzi asanapereke thumba.

Chaka chino filimuyo aikonzanso, gawo la bambo alidula, ati limanyoza alendo. Ndinaionera Lamulungu masana. Nkhope palibe. Koma m'mphepete mwa chithunzi dzanja lawo likadalipo, ndi chala chawo chopindika, likupereka mandimu lokhalokha. Kutsokomola kuja kumamvekabe, m'sitolo mopanda wogulitsa. Ndinazimitsa kanema n'kukasuzumira kukhitchini. Kuyambira tsikulo, ndikamatsuka mbale ndimamva ngati kumbuyo kwanga kwaima munthu amene sanamalize kuyankhula.

Tsopano mayi Brockmeier, eni nyumba ya kanema m'tauni mwathu, akufuna kuionetsa kuti anthu akambirane mmene alendofe ankationetsera. Ati ndisankhe ine pofika Lachisanu, yakale kapena yodulidwayo. Mwana wanga Nurcan akuti, "Amayi inu, mukufuna holo yonse iwasekenso agogo? Asiyeni agone." Ine ndinati, "Iwe, ukanawaonera kuti akuyenda pakanapanda filimuyi?" Tilibe kanema wina wa iwo. Ndikasankha yakale ndawachititsa manyazi. Ndikasankha inayo ndawakwiriranso ndi manja anga. Nditani?

S. K., Herne

Mayi S. K.,

Kalata yanu ndi yomveka, lekani kupepesa. Kukhitchini kwanu kulibe mzukwa. Chikukuvutani n'chakuti bambo anu anawatseka pakamwa kawiri, popanda wofunsa banja lanu. Ulendo uno akufunsani, ndiye yankhani.

Sankhani yakale, koma muike lamulo. Auzeni mayi Brockmeier kuti gawolo likangotha aimitse filimu, ayatse magetsi, akupatseni mphindi zisanu. Musakonze zambiri. Tchulani dzina lonse la bambo, mgodi umene ankagwirako ntchito, ndiponso kuti mawu amene anthu amvawo ndi a munthu wina. Ngati pali mawu amene ankakonda kunena m'Chijeremani, anene ndinu, mmene iwo ankanenera. Mayiwo akakana kuimitsa, aonetse yodulidwayo, inu mukhale kunyumba.

Nurcan si mdani wanu, mantha akewo ndi oona. Lachisanu lisanafike onerani naye gawolo muli awiri, mumupemphe adzaime pambali panu.

Koma ndikuchenjezeni. M'holomo wina adzaseka ndithu, mwinanso akwanu omwe, poti gawolo analipangira kuseketsa. Zidzawawa. Musadzatuluke. Dikirani magetsi ayake, muwayang'ane kumaso, muyambe ndi dzina.