Poka m'Nyumba Yotseka

Lolemba, 9 Juni

Ndabwerako ku Chegutu. Pitala ali bwinoko, koma phewa likadali lotupa pamene anam'menya ndi msana wa chikwanje. Wanditsegulira ndi Enesi, mwana wake. Mwini wake ndam'peza kuchipinda, makatani otseka, masanasana.

Za Loweruka lija sizikundichoka m'mutu. Anyamata atatu kungolowa ife tili pakati pa poka, osagogoda n'komwe, poti chitseko chinali chotsegula monga mwa masiku onse. "Mari! Mari!" Ndalama zake ziti? Ife timasewera ndi zivindikiro za mabotolo. Anangotenga wailesi, foni ya Pitala ndi jekete ya Obadiya. Ine ndinanena kalekale kuti tizitseka. Ndinanena! Ankandiseka kuti Lameki amaopa ndi nkhuku yomwe.

Lero Pitala wati makadi wasiya. Ngakhale kutakishopu sakupitako. "Achimwene, ndatopa nazo, sewerani nokha." Munthu amene tinayamba naye gululi tikadatsikabe mumgodi ku Chakari! Popanda iye tatsala atatu, ndipo Fanizo ndi Obadiya sangakhale patebulo limodzi osakangana. Ndiye kuti gulu latha. Nanga ine Chichewa ndizikaseka nacho ndi ndani? Adzukulu ndikawalankhula amandiyankha m'Chishona.

Ndamulonjeza kuti tizisewerera kwanga ku Waverley, ku Kadoma kuno, ndipo m'nyumba mwanga simudzalowa ngakhale ntchentche. 

Lachiwiri, 10 Juni

Mkazi wanga wakana. Kenako wavomera, koma ndi mawu. "Bambo a Tendai, vuto limodzi lokha m'nyumba muno, makadi anuwo ndikolezera moto wa sadza." Tabitha akanena amachita.

Lachitatu, 11 Juni

Ndazungulira nyumba ngati wakuba, kufufuza polowera. Zoopsa. Zenera la pabalaza galasi lake ndi losweka pakona. Pansi pa chitseko pali mpata woti dzanja n'kulowa. Timabowo ta mpweya ta pamwamba pa khoma tija, munthu ataponda pa ndowa akhoza kusuzumira n'kuona makadi patebulo. Zaka zonsezi takhala tikugona pabwalo osadziwa. Tabitha akuti ndi misala.

Ndagula loko wamkulu ndi mpiringidzo wachitsulo.

Vuto lina ndi Never, mneba wathu, amene amakumba golide kutchire ndi anzake. Wandipeza ndikukhoma mpiringidzo. "Sekuru, ndanzwa kuti kune makasa. Ndipinzeiwo." Akuti agogo, ndilowetseniko nanenso. Wamva kwa ndani kuti kuno kukhala makadi? Kwa ndani? Ndamuuza kuti ndikukonza chifukwa cha makoswe. Waseka mpaka kugwira mpanda, akuti kodi makoswe a masiku ano amatsegula maloko?

Sindikuti ndi wakuba. Agogo ake, a Mbewe, ndinkawadziwa, anali a ku Ntcheu, munthu wopemphera. Koma iyeyu amayenda ndi chikwanje ndi mgwala, chitsulo chake chokumbira chija, ndipo anzake sindiwadziwa. Ayi. Asalowe.

Lachinayi, 12 Juni

Fanizo ndi Obadiya anabwera kudzamva malamulo. Mlendo ayi, ngakhale akhale mlamu wa munthu. Mowa ayi. Tiyambe masana, tithe kusanade. Ndipo odi sitiyankha, chifukwa odi anganene aliyense. Wofuna kulowa agogode monga tinkaimbira belu loitanira keji, chikepe chotikweza kuchokera pansi pa mgodi. Ana a masiku ano kaimbidwe kameneko sakadziwa.

Fanizo akuti, "Ndiye tibwerenso ndi zipewa ndi nyali zapamutu, a kapitawo?" Zoseka zili pati pamenepa? Obadiya naye kaimbidweko anaiwala, koma akulimbikira kuti woiwala ndi Fanizo. Akangana mpaka tiyi kuzizira, aliyense akumenya tebulo langa ndi supuni. Madoda a imvi! Mutu wanga ine.

Tabitha kagogodedweko sindinamuphunzitse. Akadziwa iye, Lamulungu azimayi onse a kutchalitchi adzakhala akugogoda pa mabenchi.

Lachisanu, 13 Juni

Enesi waimba foni. Pitala abwera! Koma akuti akadzaona zenera lotsegula adzabwerera pa kombi yomweyo.

Timabowo ta mpweya ndatseka ndi manyuzipepala ndi masokosi akale. Pazenera ndakhomera bulangeti. Kuzizira kwa chaka chino kwanyanya, ndiye ndagula makala, mdala asadzagwidwe chifuwa ali kwanga. Ndaganiza zonse. Ndikuona ngati ndaganiza zonse.

Loweruka, 14 Juni

Mutu ukung'ambika. Tili kuchipatala. Mawa.

Lamulungu, 15 Juni

Atatufe atitulutsa m'mawa. Pitala watsala, akadali ndi chipaipi cha mpweya pamphuno.

Ndilembe mmene zinayendera, mwina mutu upepuka.

Anafika masana. Obadiya anagogoda molakwika, ndinamusiya panja mpaka anayamba kutukwana m'Chilapalapa, chilankhulo cha kumgodi chija, pamenepo ndinadziwa kuti ndi iye. Pitala anafika womaliza atavala makoti awiri. Anayang'ana bulangeti pazenera, anagwedeza loko, nati, "Eya achimwene, apa ndiye pabwino." Mtima wanga unakhala pansi koyamba sabata yonse. Tabitha anali kumsika ndi tomato wake. Magetsi kunalibe, ndinayatsa kandulo. Mbaula ndinailowetsa n'kuiika pafupi ndi miyendo ya Pitala, kenako ndinatseka chitseko, mpiringidzo, loko, ndi chinsanza pampata wa pansi paja.

Masewera anakoma, zoona. Pitala anatinamiza tonse ali ndi jeki mmodzi ndi zinyalala, nkhope ili gwa ngati mlaliki wa pamaliro, mpaka Fanizo anataya makwini ake awiri. Ataonetsa makadi Pitala anaseka, kuseka kwake kwakale kuja kotulutsa misozi. Ndinati basi, ndam'bweza munthu.

Kenako Obadiya anati mutu ukumuwawa. Fanizo anati mutu umawawa munthu akamaluza. Tinaseka. Wanganso unkawawa koma ndinkati ndi bipi. Fanizo anagawira munthu mmodzi makadi kawiri, palibe anadandaula, ngakhale Obadiya amene amadandaula ndi mpweya womwe. Pitala anatsamira khoma n'kutseka maso. Tinkati akutinamizanso.

Ndiye kunamveka odi ndi kugogoda. Osati kwa keji ayi, kugogoda wamba. Ndinanong'oneza anzanga kuti chete, koma anali chete kale. Mawu ankamveka kutali ngati munthu ali m'chitsime. "Bambo a Tendai, tsegulani!" Ndinawadziwa kuti ndi a Tabitha, koma mutu wanga unkandiuza kuti akuba amugwira, akumukakamiza kuti aitane. Kenako ndinati nditsegule basi, miyendo inakana. Kiyi ndinali nditaibisa penapake pabwino kwambiri. Mpaka pano sindikudziwa pati.

Kenako ndinaona nsonga ya mgwala ikulowa pambali pa chitseko. Ndinati tafa, abweranso, ndipo Pitala ndamuitanira ndine. Chitseko chinagwa ndi mahinjesi omwe. Never! Matope ofiira mpaka m'tsitsi. Ananyamula Pitala ngati thumba la ufa n'kuthamangira naye panja, anabweranso kudzatenga Obadiya ndi Fanizo, ine anandikoka ndi kolala. Ndinasanzira pa masamba a Tabitha aneba onse akuonerera. Chinsinsi chathu chonse pamsewu.

Tabitha akuti anadziwa chifukwa cha kuti zii. "Madoda anayi m'nyumba, osamveka ngakhale wotukwana mnzake? Kuphatikiza fungo la makala? Ndinathamangira kwa Never."

Nesi sanatinyengerere. Atamva kuti tonse tinali a mumgodi anaika manja m'chiuno. "Imi madhara, mumgodi simunaphunzire kuti mpweya woipa umapha? Mbaula m'nyumba yotseka!" Obadiya anandiloza ine. Fanizo nayenso. Kwa nthawi yoyamba agwirizana chinthu chimodzi.

Lolemba, 16 Juni

Makadi apsa. Tabitha wangowaponya pamoto limodzilimodzi ine ndikuona, kenako wapakula. Ndadya. Ndikanatani?

Enesi ndinakumana naye pakhomo la wodi. Ndinam'patsa moni, anayang'ana kumbali. Kenako anatembenuka. "Sekuru, munati kwanu n'kotetezeka. Ndinawakweza kombi ndekha bambo anga."  M'wodimo sindinalowe.

Lachiwiri, 17 Juni

Pitala atulutsidwa, Enesi wapita naye ku Chegutu. Ndamva kwa Fanizo.

Nyumba ilibe chitseko. Tachiimika chophwanyikacho n'kuchitsamiritsa ndi kabati, koma mphepo ikulowa mbali zonse, ndi galu wa eni ake yemwe analowa m'mawa. Kalipentala akuti felemu yonse ndi yosintha, abwera sabata yamawa. Sabata yamawa! Ndauza Tabitha kuti aliyense angathe kutilowera. Akuti, "Alowe. Mwina atipeza amoyo." Masokosi onse a m'timabowo tija wawatulutsa ndi mtengo wa tsache n'kuwaunjika pa mpando wanga.

Lachitatu, 18 Juni

Ndinapita kukathokoza Never ndi nkhuku. Wakana nkhuku, akuti ndikadye ndine ndibwezere magazi. Kenako akuti, "Saka sekuru, makonzo aya makaabata here?" Kufunsa ngati makoswe aja ndinawagwira! Mkazi wake kuseka mpaka kulowa m'nyumba. Munthu wakupulumutsa sungamukalipire. N'zimene zikundiwawa kwambiri.

Lachinayi, 19 Juni

Ndinalimba mtima n'kukwera kombi ya ku Chegutu. Njira yonse ndimakonza mawu opepesera. Pa Chinengundu, kumene amakhala Pitala, ndinatsika patali dala kuti ndiyende ndikuwabwereza.

Ndam'peza Pitala panja! Pampando, padzuwa, bulangeti m'miyendo, pafupi ndi geti. Akuti chichokereni kuchipatala m'chipinda sakutha kukhalamo, akangotseka chitseko chifuwa chimamubanika.

Ndinayamba mawu anga, "Achimwene, ine ndalakwa..." Sanandilole kumaliza. Anayamba kuseka mpaka kutsokomola. "Lameki, Lameki. Anyamata a zikwanje anandisiyira phewa lotupa basi. Iwe ukanandimaliza mwaulemu, ndi tiyi, miyendo ikufunda." Ndinati si zoseka. Akuti n'zoseka ndithu. Moyo wonse pansi pa nthaka gasi osatigwira, n'kudzatigwira pabalaza pa munthu wosamala kuposa onse mu Kadoma.

Ndinaseka pang'ono. Ndinafunsa za gulu. Asanayankhe, Enesi anayankhira pazenera. "Makadi atha. Bambo sapitanso kulikonse." Pitala anangoyang'ana kumsewu. Ndinatsanzika tiyi ndisanamalize.

Ndiye zatha. Ndinafuna kum'bwezera patebulo, ndatsala pang'ono kum'pereka kumanda.

Lachisanu, 20 Juni

Palibe. Ndapalira masamba. Bipi yakwera.

Loweruka, 21 Juni

Masana ndili kuseri ndinamva kugogoda kwa keji. Kolondola, kosaphonya. Ndinathamanga. Pitala, akumenya felemu yopanda chitseko ndi ndodo yake! Kumbuyo kwake Fanizo ndi Obadiya akukangana kuti wagogoda bwino kapena ayi. Pitala akuti wauza Enesi kuti akupita kukameta. Kukameta ku Kadoma! Mwana ameneyu adzandipha ine, osati bambo ake.

Ndinati makadi kulibe, apsa. Pitala anatulutsa ake m'thumba la koti.

Tabitha anali asanapite kumsika. Anaima pakhomo manja atapinda. "Takulandirani bambo a Enesi, mwapeza bwanji? Koma m'nyumba mwanga ayi."  Analowa, tinamva kukhwekhwereza, n'kutuluka akukoka tebulo mpaka pabwalo, pakati penipeni, poonekera msewu wonse. Anabwereranso kukatenga mipando. Kenako anasenza dengu lake la tomato n'kumapita.

Ndinati amuna inu, apa aliyense akutiona. Azimayi a pampopi, ana a njinga, anyamata a pa kona paja, onse. Ndinati tidikire kalipentala. Ndinati tisunthire kuseri. Palibe anandimvera. Fanizo anakhuthula zivindikiro patebulo. Never anali atatsamira kale mpanda, ndipo Pitala anamukodola ndi dzanja. "Iwe mdzukulu wa a Mbewe, bwera ndi mpando wako." Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za lamulo la alendo. Ndinatsekanso.

Ndinakonzera Pitala mpando wa kukhoma kuti aziona geti. Anaukana. Anakoka wina n'kukhala msana ataulozetsa kumsewu, anavula koti limodzi, n'kuyamba kusakaniza makadi. Wa kukhomawo ndinakhalapo ndine. Maso anga pageti, pamsewu, pageti.

"Lameki," anatero, "msewu suthawa. Dula makadi."

 Ndadula.