Malume a Khadi ndi Mtedza wa Tikondwe

Aphungu,

Ndine bambo wapabanja, mlimi wa fodya wa bale kuno ku Mponela, cha m'njira yopita ku Ntchisi. Ndikulemba mtima ukuwawa, chifukwa a banki andichita chipongwe ine munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, woti sindinathawepo ngongole ya munthu.

Chaka chino fodya anandiyendera bwino ku okushoni. Tsiku lina ndikukatapa ndalama, mayi wina wa pa banki anandiitanira mu kaofesi kozizira, n'kundipatsa mpando, n'kundiuza kuti munthu ngati ine sayenera kumayenda ndi ndalama m'sokosi. Anandipatsa khadi ya ngongole, ija amati kirediti khadi. Anati imagwira ntchito ngakhale kunja kwa dziko, ndipo pamapita masabata angapo asanayambe kukuwerengera chiwongola dzanja. Ndinasaina. Panali timapepala ta zilembo zing'onozing'ono, koma magalasi ndinali nditawasiya kunyumba.

Mu Seputembala kunali chinkhoswe cha Diana, mwana wa mlongo wanga Agnesi amene anakwatiwa ku Chipata, ku Zambia. Alamu anatisiya kale, ndiye mwini mbumba ndine, palibenso wina. Mayi a kunyumba anatsala kuthirira nazale, ine ndinanyamuka khadi ili m'thumba la jekete. Itafika nthawi ya perekani-perekani, woyendetsa mwambo anakuwa pa chimkuzamawu kuti, "Tsopano tione a malume ochokera ku Malawi, eni ake a fodya!" Aphungu, mukanakhala inu mukanatani? Kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi holo, kunali makina a ATM. Ndinathamangirako, ndinatapa, makashiya anandisinthira kukhala zing'onozing'ono, ndinawaza mpaka beseni linadzaza.

Ndisanapume n'komwe anaitana onse ochokera ku Malawi, ndipo a ku Malawi tinalipo awiri, ine ndi dalaivala wa galimoto ya hayala. Kenako anaitana ovala majekete, kenako okonda Diana, kenako ofuna kulawa keke. Gulu lililonse ndinkapezekamo ine. Sindinkatapa zambiri nthawi imodzi, poti ndine munthu wosamala ndalama. Ndinkatapa pang'onopang'ono, zikatha n'kubwereranso. Makinawo ankandifunsa ngati andiwerengere mu ndalama ya kwathu kapena ya komweko, ine n'kumasankha ya kwathu, chifukwa dziko langa ndimalikonda. Pomafika madzulo holo yonse inali ikunditchula kuti Malume a Khadi, ndipo kunena zoona dzinalo linandikomera.

M'mutu mwanga zonse zinali zowongoka. Ngongole kwathu kuno timaidziwa mayendedwe ake. A kampani amakupatsa fetereza mvula isanagwe, n'kudzadula mabelo akalowa ku okushoni. Wa golosale amadikira fodya. Wokhoma zigafa amadikira fodya. Ngakhale abusa amadziwa kuti chakhumi chimadikira fodya. Ndiye ndinati khadi nayo idikira fodya. Koma mwezi usanathe foni inayamba kulira ndi mauthenga. Nditapita ku banki, mayi uja sanandipatsenso mpando. Anandiuza ndili chiimire kuti masabata aulere aja ndi a pogula zinthu m'sitolo, osati potapa ndalama. Kuti ukatapa, chiwongola dzanja chimayamba tsiku lomwelo, ndipo ulendo uliwonse wa ku makina aja unali ndi mtengo wake. Ndinamufunsa ngati banki yawoyo ikudziwa kuti fodya akadali ku nazale. Anangoitana kasitomala wotsatira. Chiyambire pamenepo ndimalipira kandalama kochepa kamene amalemba mu uthenga, koma ngongoleyo siikutsika.

Tsopano ukwati weniweni ndi mu Disembala, ku Chipata komweko, ndipo Agnesi akuti anthu ayamba kale kufunsa ngati Malume a Khadi abwera. Njinga yamoto imene ndinagula mu Julaye sindingagulitse, anthu angati ndagwa. Koma m'nyumba muli matumba a mtedza amene mayi a kunyumba, a Lusiya, analima okha ndipo akusungira fizi ya mwana wathu Tikondwe, amene ali Fomu 4 ku sukulu yogonera komweko cha ku Madisi. Ndinawauza mwaulemu kuti tigulitse mtedzawo, titsitse ngongole, khadi ikhalenso ndi mpata wotapa pa ukwati. Za fizi tidzapempha a hedi adikire fodya. Anandiyankha osakweza mawu: "Bambo a Tikondwe, mukakhudza thumba ngakhale limodzi, mukapemphe Agnesi akukonzereni chipinda, muzikakhala komweko kumene amakuomberani m'manja."

Ndithandizeni. Ndingatape bwanji ndalama ku Zambia ndi khadi imeneyi popanda kudyedwa ndi chiwongola dzanja? Nanga mkazi angaletse mwamuna wake kuteteza ulemu wa banja?

G.C., Mponela

A G.C.,

Poyamba ndikuyamikeni. Si aliyense angathamange tsiku lonse pakati pa holo ndi makina, jekete ili m'thupi, dzuwa la Seputembala lili paliwombo. Ndikukhulupirira kuti ku banki kwanuko chithunzi chanu anachipachika pakhoma, chifukwa kasitomala wachifundo chotere sabwera chaka chilichonse.

Inenso ndinakulira pa fodya, ku Malomo, ndiye kalendala yanuyo ndimaidziwa. Koma taonani anthu amene amadikira fodya wanu. Wa golosale amadutsa pa munda wanu tsiku ndi tsiku, amaona yekha masamba akukula. Abusa amakhala nanu pa msonkhano wa akulu a mpingo. Onsewa amakudziwani. Kompyuta ya ku banki sinaonepo nazale, siidziwa kuti chigafa n'chiyani, ndipo siipita ku tchalitchi. Imawerengera Lolemba mpaka Lamlungu, ngakhale pamene inu mwatsinzina mukutsogolera pemphero lotsekera.

Tsiku lija ku Chipata munadyetsa pakamwa pambiri. Banki yanu inadula yake pa kutapa kulikonse. Mwini makina nayenso kawirikawiri amadula yake. Ndiye kusamala kwanu kwa pang'onopang'ono kuja kunali ngati kukwera kabaza kukagula tomato mmodzi ku msika, kubwerera, n'kukweranso kukagula wachiwiri. Za kukonda dziko lanu, zikomo kwambiri, koma Malawi sanalandirepo kanthu. Mukasankha kuti makina a kunja akuwerengereni mu ndalama ya kwanu, mwauza mwini makinawo kuti asinthe ndalamayo pa mtengo umene iye wakonda, ndipo sanakondepo mtengo wokomera inu.

Tiyambe ndi ngongole imene ilipo kale, chifukwa palibe nzeru yotapira mu Disembala pamene za Seputembala zikuberekanabe. Kandalama kochepa ka mu uthenga kaja si chifundo cha banki. Kamangokusungani kuti musathawe, gawo lalikulu n'kumathera ku chiwongola dzanja. Sabata ino pitani ku banki, ulendo uno magalasi ali kumaso. Funsani kuti ngongole yonse ndi zingati lero, chiwongola dzanja cha ndalama zotapa ndi chotani, ndiponso ngati angaisamutse kukhala ngongole wamba yotsikirako mtengo, yokhala ndi tsiku lomaliza lodziwika. Akakana, ilipireni nokha mwachangu, ndi zinthu zanu. Ndikuti zanu. Ndaona kuti pofufuza chogulitsa maso anu analumpha njinga yamoto n'kukatera pa mtedza wa eni ake. Njingayo igulitseni, kapena iyambe kunyamula anthu pa Mponela ndalama zake zizipita ku khadi. Anthu akati mwagwa, asiyeni anene. Sindiwo akulandira mauthenga a ku banki.

Tsopano funso lanu. Njira yabwino koposa yotapira ndalama kunja ndi khadi ya ngongole ndi kusatapa. Ngati muli ndi ndalama zanuzanu mu akaunti, funsani ngati khadi yanu wamba ya ATM angaitsegule kuti igwire ntchito ku Zambia. Pamenepo amadulabe kenakake, koma chiwongola dzanja palibe, poti simunakongole. Kapena yambani lero kufunsa ndalama ya ku Zambia ku banki kapena kumalo ovomerezeka osinthira ndalama, chifukwa ndalama yakunja masiku ano siipezeka tsiku limene mwaifuna. Risiti muisunge. Khadi ya ngongoleyo ntchito yake ndi kuswaipa polipira malo ogona kapena mafuta, ndipo ngakhale apo mabanki ambiri amapereka masabata aulere aja kwa yekhayo amene anamaliza ngongole ya mwezi wapitawo. Inu pakadali pano simuli m'gulu limenelo, ngakhale kuti magulu mumapezekamo onse.

Zikavuta kuti mutape ndithu ndi khadi imeneyi, funsani a banki musananyamuke ngati amalola kuti muikemo ndalama zanu kaye, kuti zimene mukatape zikhale zanu kale. Ena amalola, ndipo chiwongola dzanja sichiyenda, ngakhale yodula potapa imakhalapobe. Ena salola, ndiye musangoganizira, afunseni akuyankheni momveka. Auzeninso kuti mukupita kunja, ndipo akuuzeni malire a ndalama zimene mungatape. Mukafika ku Chipata, tapani kamodzi kokha, m'mawa, nyimbo zisanayambe kulira, pamene mutu ukadali wanu. Makina akafunsa, sankhani ndalama ya ku Zambia. Mukatero, ngati zinali zokongola, bwezani ku khadi tsiku lomwelo kudzera pa foni, kapena mawa lake, chifukwa chiwongola dzanjacho chimakula ndi masiku, ndipo tsiku limodzi ndi lotchipa kuposa miyezi yodikira okushoni. Ngati mulibe ndalama yoti mubweze sabata yomweyo, musadzinamize kuti mukufuna malangizo a katapidwe. Ndalama yowaza mulibe, basi.

Ulendo uno a Lusiya apite nawo. Mukangotapa, khadi muwapatse aimange m'nsonga ya chitenje, ndione ngati woyendetsa mwambo akaitulutsemo. Munthu ameneyo musamukwiyire, ndi ntchito yake. Amaona jekete yatsopano ali patali, ndipo akanaona kuti mukubwerabe akanaitana onse obadwa kwa mkazi. Mphatso yeniyeni ya Diana muikonze muli kuno, mukaipereke kwa Agnesi m'nyumba, mwakachetechete. Ndalama imene yatsala muisinthe kukhala zing'onozing'ono kwambiri, ndipo akakuitanani muzikavina mwaulemu wa malume, kuponya imodzi, kuzungulira, kumwetulira, kuponya ina. Nyimbo imatha. Akaitana ovala majekete, vulani jekete.

Agnesi mumuimbire foni lero, mumuuze kuti pa ukwati pakubwera mlongo wake, osati makina. Ndikukayika ngati iye akudziwa kuti zimene munawaza zija mukulipirabe, ndipo sindikhulupirira kuti mayi amene analera yekha mwana wake angakondwe kumva kuti keke ya Diana yadya fizi ya Tikondwe.

Mwafunsa ngati mkazi angaletse mwamuna kuteteza ulemu wa banja. Inde angathe, ndipo a Lusiya achita bwino. Pa kalata yanu yonse ndi okhawo amene akudziwa kumene ulemuwo wasungidwa. Za a hedi kudikira fodya, apa ndiye ndaleka kuseka. Munayesa kale nzeru imeneyi pa banki, mwaona zotsatira zake, tsopano mukufuna kuiyesa pa mwana wa Fomu 4. Sukulu nayo imagula chimanga ndi nyemba mu Januwale, osati mu Meyi. Mwana wopanda fizi amabwezedwa, ndipo teremu imene angataye chaka cha mayeso palibe belo la fodya limene lingaibweze.

Choncho chenjezo langa ndi ili. Mtedzawo musaukhudze, ngakhale kumasula thumba kuti muone ngati wafumbwa. Mukaugulitsa, mu Januwale Tikondwe adzatsika minibasi pa Mponela ali ndi sutikesi ndi matiresi pamutu, anzake ali m'kalasi, ndipo pa onse anakuomberani m'manja ku Chipata sipadzapezeka ndi mmodzi yemwe womulandira katunduyo. Werenganinso mawu a akazi anu. Ngakhale atakwiya, sanakutchuleni Malume a Khadi. Anati Bambo a Tikondwe. Dzina limenelo ndilo mukavale ku ukwati, ndipo mubwere nalo.

Aphungu