Password ili ku Magodi

LOLEMBA

Towela 09:14
asisi mwawelenga email ndakutumizilani ija?

Sophia 09:31
ndawelenga, ndinali ku ward. akuba awo Towela, mtundu umodzi ndi aja a "tumizani pa nambala iyi". delete

Towela 09:33
nanenso ndinatelo, koma iyi ndi yachitatu. onani

Towela 09:33
📷 chithunzi

Towela 09:34
ndi website ya club yathu ya chiponde. chithunzi cha nshawa mu lichelo achizunguliza ndi red. pansipo dzina langa, secretary, ndi nambala yanga

Sophia 09:35
ati bwanji kwenikweni

Towela 09:38
ati chithunzicho ncha photographer wao wa kunja, tinachiika popanda licence. tichichotse, tilipilenso $850 pofika friday. tikapanda, nkhani aipeleka kwa ma lawyer

Sophia 09:40
🎤 0:21 Mayo ine! Nshawa? Ife a ku Mphamba, nshawa zodzadza nkhokwe mpaka makoswe kuchita kunenepa nazo, tikalipile madola chifukwa cha nshawa za pa chithunzi? Anaikapo ndani zimenezo?

Towela 09:41
atate ake Chipi. ankati zathu zimaoneka zakuda, a ku lusaka sangagule chiponde

Sophia 09:41
Obby. ndinadziwa

Sophia 09:42
chotsa bas, ujambule za amama uike

Towela 09:55
password sindili nayo

Sophia 09:55
ili ndi ndani

Sophia 10:07
Towela

Towela 10:09
mukudziwa

LACHIWILI

Towela 07:20
mwauka uli asisi. zaipilatu kuno

Towela 07:23
email ya club amaionanso a Petronella, aja a bungwe lofuna kutipatsa chigayo cha chiponde. aimbila amama dzulo. ati chigayo sichibwela mpaka nkhani ithe, sangapeleke katundu ku club ili ndi mlandu

Sophia 07:50
nawuka makola. mlandu wanji, wafika ku court?

Towela 07:52
amai a kuno akangomva "lawyer" ndi "dollar" kwa iwo ndi ndende kale. a Ennie a mu club yathu anena ku borehole, ine ndilipo, ati ukwati wa Towela watidyela chigayo

Sophia 07:53
a Ennie asamale pakamwa. tsiku lotsegula website ndi iwo amavina patsogolo, chitenje chatsopano mpaka pansi

Towela 07:54
😂 musandiseketse pls

Towela 07:56
amama ndi chairlady, akungoyenda chowelama. anthu asenda nshawa ndi manja chaka chonse kudikila chigayo ichi

Sophia 08:01
wamulembela Obby?

Towela 08:02
ndamu unblocka mmawa uno

Towela 11:46
↪ kuchokela kwa Obby: Mwauka uli amake Chipi. Ndakondwa kuona dzina lanu pa foni yanga. Password ndinaiwala. Code yosinthila imabwela pa foni yanga ino. Bwelani kunyumba, tichotsa limodzi. Ndi ntchito ya 5 minutes.

Sophia 11:48
AIWALA? munthu wophunzitsa ana computer?

Sophia 11:48
muuze code ikabwela akutumizile

Towela 12:15
↪ kuchokela kwa Obby: Nkhani za pa banja sitikambila pa foni.

Sophia 12:16
nshawa za mzungu zakhala nkhani ya pa banja

Sophia 12:19
🎤 0:34 Tamvela iwe. Ndine ndinabwela kudzakutenga ku Magodi kuja. Ndinakupeza chitseko chili ndi loko kunja, iwe uli mkati, foni yako ili mthumba mwake ku sukulu. Dzanja lija ndinalimanga ndine. Ngati iwe waiwala, ine sindinaiwale. Supita. Wamva? Supita.

Towela 12:40
ndamva

LACHITATU

Sophia 06:58
ndamuimbila ndekha mlamu wangayo. mau ozuna ngati uchi. "mlamu, ine ndili pano kuthandiza." ndati mukumane pa boma, pa market, anthu akuona. ati ana a sukulu ali pa mayeso, iye sangachoke

Sophia 06:59
ndati abwele Jonah mmalo mwako, ndi mlongo wako. ati "sindinakwatile Jonah"

Sophia 07:00
ndadula foni ndisanachimwe

Towela 08:30
nanenso ndayesa kwina. ndapita kwa mnyamata wa pa internet cafe pa boma. ati account ili mdzina la Obby, iye sangalowe. ati tingatsegule website ina koma yakale ikhalabe, chithunzi chili pomwepo

Towela 08:33
ndayankhanso email ija. ndalemba kuti ndife amai a kumudzi, sitinadziwe, ndalama imeneyo olo tigulitse nshawa zonse siikwana

Sophia 08:34
ati bwa

Towela 08:36
yankho labwela nthawi yomweyo, ngati si munthu. "lack of knowledge does not remove liability. the image is still live"

Sophia 08:37
machine imeneyo, ilibe khutu

Towela 13:05
adada andiitana

Sophia 13:20
ati chani adada

Towela 13:26
🎤 0:47 Ati, mwana wanga, mwina Mulungu watsegula njila. Ati mwamuna akakuitana mwaulemu uziyankha. Ine ndati adada, dzanja langa munaliona. Iwo ati ng'ombe za lobola zinapita kale kukalowola mkazi wa Jonah, a kwa Obby akazifuna tizitenga kuti? Asisi, ndiye kuti miyezi yonseyi ndakhala pano adada amangodikila tsiku.

Sophia 13:28
ng'ombe ndigula ndine, imodzi imodzi, olo zinditengele zaka. uwauze choncho

Towela 13:29
muli ndi ana atatu pa sukulu

Sophia 13:29
si nkhani yako

Towela 13:41
amama amangosenda nshawa pakhonde, mutu pansi. bola akanandikalipila

LACHINAI

Towela 10:12
↪ kuchokela kwa Obby: Ndamva za chigayo. Zachisoni kuti amai onse avutike chifukwa cha anthu awili. Ndakumbukila password. Mawa ndili panyumba kuyambila 10.

Sophia 10:30
oh lelo yabwelela password. yachita kutsika kumwamba

Sophia 10:33
mvela. mnzanga wa pa ward mwamuna wake ndi lawyer kuno ku chipata, a Nason. lelo ali ku court, andiona mawa mmawa. ndapulinta ma email onse. dikila

Towela 10:35
mawa ndi friday

Sophia 10:35
ndikudziwa masiku

Towela 15:48
amai a club abwela kunyumba. sanakalipe. akhala pa mphasa, a Ennie ayamba pemphelo. pomaliza ati "mwana wathu, tikugwadila, ndi 5 minutes chabe"

Sophia 16:02
5 minutes aimva kuti?

Towela 16:03
Obby anawaimbila

Sophia 16:03
mdyelekezi

Sophia 16:04
ndilonjeze kuti udikila a Nason

Sophia 16:20
Towela ndilonjeze

Towela 17:11
ndatopa asisi. kulikonse ndatembenukila ndapeza iye

LACHISANU

Towela 07:42
musakwiye. ndili pa stage, ndapeza njinga yamoto yopita ku magodi

Towela 07:43
sindilowa mnyumba. ndikaima panja pa mango paja, abweletse laptop, achotse ndikuona, ndibwelele. wa njinga ndamuuza andidikile

Towela 07:44
Chipi ndamusiya kwa amama. ndamuuza ndapita kukagula sopo

Sophia 08:26
📞 foni yosayankhidwa

Sophia 08:26
📞 foni yosayankhidwa

Sophia 08:27
IWE TSIKA. ndinali pa handover, ndangoona manje

Towela 08:51
mphepo, sindikumva. network idula tikadutsa pa dambo. ndikulembelani ndikamaliza. yewo asisi

Sophia 08:51
ndili pakhomo la office ya a Nason. ndipatse ola limodzi chabe

Sophia 09:38
Towela tamva. ati friday ija ndi yoopsezela, palibe akumanga munthu lelo. alemba kalata manje manje kupempha nthawi

Sophia 09:40
ati ndalama zija zimatsika akakambilana, maka club yaing'ono ngati yanu. a Petronella nawonso, a Nason awalembela okha

Sophia 09:41
ati website tingapemphe company yoisunga kuti iitseke, ndi mapepala a club. zitenga masabata koma zitheka popanda Obby

Sophia 09:43
🎤 0:19 Ndipo ati kuchotsa chithunzi sikufafaniza ngongole. Olo achotse lelo, ndalama azifunabe. Ukupitila pachabe, mwana wa amama. Uza wa njinga atembenuke. Chonde.

Sophia 10:05
📞 foni yosayankhidwa

Sophia 10:31
wafika?

Sophia 11:14
ndaimbila Jonah, ali ku dip kusambitsa ng'ombe za eni. ati afunse adada kaye. AFUNSE ADADA

Sophia 12:02
ndatsegula website. chithunzi chachoka

Sophia 12:02
ok chachoka. manje nyamuka

Sophia 12:47
uli pa njinga?

Sophia 13:55
amama ati wa njinga wabwela yekha. ati anamulipila abambo a panyumbapo, anamuuza kuti madam agona

Sophia 13:56
Towela ma tick asanduka blue. ndikuona kuti ukuwelenga. lemba olo dontho

Sophia 14:30
📞 foni yosayankhidwa

Towela 15:12
Mlamu, mwatandala uli. Chithunzi ndachotsa monga munapempha. Amake Chipi afika bwino, akupumula. Foni yao ikhala ndi ine. Auzeni amama akonzekeletse mwana, ndibwela kudzamutenga pa Sande.