Tsitsi la NyaMoyo

Lolemba, 7 Julayi 1913

Kukuzizira chomene. Ndachapa nsalu zomangira mabala, ndayanika. Masana abwera ndi mayi pamachira kuchokera ku Manyamula, dzina NyaMoyo, thupi lili moto, sakuzindikira munthu. Mwana wake woyamwa watsala kumudzi.

Koma tsitsi lake, abale. Timizere ting'onoting'ono tonyezimira mafuta a nsatsi, kumapeto mikanda yofiira ndi yoyera. Dona wa chipatala wapezamo nsabwe, akuti ndimumete. Ndameta bwinobwino, osamucheka pena paliponse. Mikanda ndasunga m'kachitini. Sindinamve kanthu. Chimwalirire Cecilia wanga mwezi watha, ali kubere, ndimangogwira ntchito ngati khasu.

Lachiwiri, 8 Julayi

Mabala, phala, kukolopa. Mbwenu.

Lachitatu, 9 Julayi

NyaMoyo watsitsimuka. Wagwira kumutu kwake, kenako wayang'ana kwanga, kumene tsitsi langoyamba kumera chindimetere pamaliro. Wafunsa motsitsa mawu: "Mwana wanga wafa liti?"

Ndamuuza kuti mwana ali moyo, ndi nsabwe chabe. Akuti ndisamunamize, nsabwe amaphwanya ndi zala, lumo limabwera pamaliro. Akunena zoona. Ine chitsiru, kuiwala zimenezi ndi mutu wanga womwewu.

Lachinayi, 10 Julayi

Sakudya. Watembenukira kukhoma. Dona akuti ndi makani, ndimukanule kukamwa ndi supuni. Sindinatero. Ndapempha mphunzitsi wopita ku Manyamula kuti akauze Enos, mwamuna wa NyaMoyo, abwere ndi mwana msanga.

Loweruka, 12 Julayi

Masiku atatu osadya. Milomo yang'ambika. Akapitirira chonchi sachedwa, ndipo ndidzakhala ndamupha ndine.

Ndamusambitsa, ndamudzoza mafuta a nsatsi kumutu. Ndi wokongola mutuwo, wosalala ngati chipanda chatsopano. Mikanda ija ndaitunga pa ulusi wosokera mabala. Dona asadziwe.

Lamulungu, 13 Julayi

Enos wafika belu la tchalitchi likulira, fumbi mpaka m'mawondo, mwana ali kumsana. Kamtsikana konenepa. Kungoona mutu wometa kayamba kulira, kukana mayi ake, kubisa nkhope pakhosi pa bambo. NyaMoyo manja ali m'mwamba.

Ndatulutsa mikanda, ndamumanga NyaMoyo pamphumi, yofiira pakati, yoyera m'mbali. Mwana wasuzumira. Wagwira mkanda umodzi, waukokera kukamwa, kenako wayamba kufunafuna bere.

NyaMoyo, osandiyang'ana n'komwe: "Phala lija likadalipo, mama?"

Ndapita kukalitenthetsa. Ndili pamoto ndaona nsalu yanga yanyowa pachifuwa. Mkaka. Ndimayesa unauma kalekale.

Ndalira ndikutakasa, kuti lisapserere.