Wailesi Yakanema Yangopita Kuchipatala

Amake Pauline,

Musakuwe kuti kwalowa akuba. Wailesi yakanema ndainyamula ndine pa kabaza, ndapita nayo kwa Dickson wokonza mawailesi ku Senga Bay. Ndinaitsegula m'mawa. Si ukalamba monga mumanenera, mkatimo mwapsera buluzi pawaya, basi.

Inanditumikira zaka makumi awiri ku Bulawayo osatsokomola, m'basi yobwerera inali pamiyendo panga. Ndikudziwa, kuno zobwera zitakalamba mumafulumira kuzitaya. Koma zopyapyala mukusirirazo zili ngati mabuku a masiku ano, kukongola chikuto chokha.

Pepani, ndaikulunga m'chitenje chanu chakumpingo, china sindinachione.

Achimwene anu akabwera ndi yatsopano munapangana ija, muwapatse tiyi, muwauze kuti patebulopo mwiniwake alipo, wangopita kuchipatala.

Ndine,
Masautso