Galimoto Yadzaza pa Maliro a a Mafunso

Kwa mayi wamasiye, ana, abale a malemu, ndi onse amene uthengawu uwapeze,

Bungwe la Osoka Zovala m'Mafakitale lalandira modzidzimuka, ndi chisoni chosakanikira ndi mkwiyo, uthenga wa imfa ya mphunzitsi wa pa yunivesite, katswiri wofufuza momwe mitundu ya anthu imakhalirana ndi kusalana, amene kufakitale tinkangowatchula kuti a Mafunso.

Anafika pakati pathu atavala jekete lothina m'mapewa, nakhala pa benchi ya m'kantini, osadya kanthu, akungoyang'ana kuti ndani akudya ndi yani. Amayi a mufakitale anayamba kuwaseka: "Bambo inu, mwadzafuna ntchito kapena mkazi?" Iwo anati, "Mkazi ndili naye, mayi, ndipo ntchito ndi imene ndikugwirayi. Tandiuzani, bwanji onse a kuchipinda cha utoto amalankhula chilankhulo chimodzi?" Yankho tonse tinkalidziwa, koma panalibe wolitchula. Kuchipinda chimenecho, kumene mankhwala amasupula manja ndi kutsokomoletsa, akapitawo ankatumizako anthu a mtundu umene iwo ankaunyoza, pamene makina opepuka a m'mbali mwa mawindo ankagawira a kwawo. Malemu anafufuza mchitidwe umenewu m'mafakitale, m'masukulu ndi m'nyumba za lendi, anaulemba m'mabuku amene ophunzira akuwerenga lero, ndipo anaima nafe pamaso pa eni fakitale kufikira ntchito ya utoto inayamba kugwiridwa mosinthana, mosayang'ana kumene munthu anabadwira.

Mphotho yawo tinaiona. Aphunzitsi anzawo a pa yunivesite anawatcha wodzutsa mapokoso, anawadumpha pokweza anthu pa udindo, ndipo ofesi yawo anaisamutsira kukachipinda ka pansi pa masitepe, moyang'anana ndi zimbudzi. Omwewo atumiza nkhata ya maluwa yaikulu ngati tayala la thirakitala. Maluwawo alandiridwe, pakuti maluwa sanalakwe kanthu.

Koma chimene chatiwawa kuposa zonse tachiona kunyumba ya maliro. Malemu anakwatira mkazi wa mtundu wina, amene anawaberekera ana, nawatembenuza pa bedi kuyambira pamene matenda anawagwetsa mpaka pamene anatsirizika. Nthumwi za bungwe zitapita kukapepesa, zinawapeza mayiwa atakhala pa mpando wa pulasitiki kukhonde la kuseri, pafupi ndi mpopi, abale akukambirana pabalaza chitseko chili chotseka. Patapita nthawi anatuluka achimwene awo a malemu, makiyi ali m'manja.

"Alamu, thupi tinyamuka nalo mawa kupita kwathu. Anawa tiwatenga, koma galimoto yadzaza. Mukudziwa abale ndife ambiri."

"Ndikhala pansi, pambali pa bokosi," anatero mayiwa.

"Aaa, alamu, musativutitse. Kumeneko chilankhulo simuchimva, mukangosungulumwa. Mudzapita kukaona manda zinthu zikadzazizira."

Mayiwa sanalire. Anangowayang'ana nati, "Pomusambitsa m'bale wanuyo, alamu, sindinafune womasulira."

Achimwenewo analowa, chitseko n'kutsekedwanso.

Bungwe lino silikufuna kuphunzitsa anthu kulira m'bale wawo, ndipo likudziwa kuti abale ataya munthu amene anali mzati wa banja lonse. Komabe lingakhale lachinyengo litangolemba mawu okoma n'kukhala chete, pamene matenda amene malemu anatha moyo wawo wonse akuwafufuza m'nyumba za ena apezeka atakhala pabalaza pawo pomwe, thupi lawo lisanalowe n'komwe m'manda. Akanakhala moyo akanafunsa funso limodzi lokha, mwaulemu monga ankachitira, ndipo sitikukhulupirira kuti pabalazapo pakanapezeka woliyankha.

Choncho, m'malo mwa mamembala onse, odula nsalu, osoka, osita ndi a kuchipinda cha utoto, bungwe likupereka chipepeso chake kwa abale, kwa ana, kwa ophunzira amene malemu anawasula, ndipo koposa onse kwa inu mayi, amene mwasiyidwa kawiri m'sabata imodzi. Mulungu akupatseni mphamvu, ndipo malemu apeze mpumulo umene anthu anawamana.

Pomaliza, banja lidziwe kuti bungwe lapeza basi. Mawa m'mawa idzaima pageti, mpando wakutsogolo ndi wa mayi wamasiye, ndipo idzatsata galimoto ya bokosi kulikonse kumene ikakhote. Okwera basiyo ndi a mitundu yonse, kotero womva chilankhulo cha kumeneko sakasowa. Ndi amayi ozolowera kuimirira tsiku lonse, ndipo akaima pambali pa mkazi wa malemu kufikira fosholo yomaliza.

Wapampando,
Bungwe la Osoka Zovala m'Mafakitale